Nishat Bagh, Munda Umene Unalekanitsidwa ndi Nyanja Yake

Nishat Bagh uli m'mphepete mwa nyanja ya Dal ku Kashmir, patsinde pa mapiri a Zabarwan. Anaukonza Asaf Khan, mlongo wake wa mfumukazi Nur Jahan, m'chaka cha 1633. Minda ya mafumu a Mughal kawirikawiri inkagawidwa panayi ndi ngalande, pokumbutsa mitsinje ya ku Jannah, koma dongosolo lotere limafuna chigwa. Apa amisiri anasema chitunda kukhala masitepe aakulu 12, nadutsitsa ngalande imodzi pakati. Potsika, madzi amayenda pa miyala yogobedwa, nachita thovu loyera. Tikuwayamika kwambiri pa ichi: kutsetsereka kwa phiri ndiko kunkayendetsa madzi onse, ngakhale othuvukira m'mwamba, popanda makina.

Chotidandaulitsa ndi msewu umene lero wadutsa pakati pa mundawo ndi nyanja. Kale mlendo ankafika pabwato, maso ake nakwera pang'onopang'ono kudzera m'mitengo ya chinar mpaka kuphiri. Ife a kunyanja tikudziwa mmene mtunda umaonekera munthu akamauyandikira ali pamadzi. Wobwera pagalimoto amangotulukira pachipata, osauona mundawo monga Asaf Khan anafunira kuti uyambe kuonedwa.