Mawu a Agogo Athu Ali ku Makhanda

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Hugh Tracey, amene anabadwira ku England mu 1903, anali mlendo wotero. M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 anayendayenda m'dziko muno, likadali Nyasaland, kujambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Atonga, Atumbuka ndi Ayao. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe imene iye anaikhazikitsa mu 1954, ndipo kuyambira 1978 ili pa yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda ku South Africa.

Tiyenera kumuthokoza. Pakanapanda iyeyo, kulira kwa bangwe ndi kalimba za masiku amenewo kukanakwiriridwa pamodzi ndi eni ake. Ankayeza mosamala kukwera ndi kutsika kwa mawu a zoimbira zathu, nasonyeza kuti amisiri athu anali ndi miyezo yawoyawo, osati kuti ankaphonya miyezo ya ku Ulaya.

Komabe kalumo kakuthwa kamatha kucheka ndi pamene sipanafunike. Nyimbo ikajambulidwa mphindi zochepa, nilembedwa dzina la mtundu wa anthu ndi nambala ya pa shelefu, imalekana ndi mwambo umene unaibala. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa za sikiri. Wophunzira angathe kuwerenga kapumidwe ka ochita sikiri ndi kuponda kwa mapazi awo, nalemba zonse molondola. Koma akapanda kumva kuti anthuwo akukumbukira Allah, ndiye kuti wayeza chikho, madzi wawasiya.

Njira ina anaionetsa Gerhard Kubik wa ku yunivesite ya Vienna, amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967. Buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, lotuluka ku Zomba mu 1987, analilemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, ndipo mayina awo alimo. Apa woimba anakhala mnzake wa wofufuza pa ntchito. Chodandaulitsa n'chakuti bukuli lili m'Chingerezi, choncho ambiri mwa eni nyimbozo sangaliwerenge.

Nkhokwe ya ku Makhanda inayamba kale kubweza zina mwa zojambulidwa kumadera kumene zinachokera. Tikupempha kuti ntchitoyi ifike ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, akadalipo okalamba amene angazindikire mawu a makolo awo ndi kufotokoza zimene makina sanagwire.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mwana akanena kuti akufuna kufufuza za nyimbo pa yunivesite ku Zomba, tisathamangire kumunena kuti wasankha zamasewera. Wofufuza amene anakulira pamphasa ya agogo, wodziwa Chiyao ndi Chichewa, amadziwa chofunsa, amadziwanso chimene sichiyenera kujambulidwa. Tikapanda kutumiza ana otere, zidzukulu zathu zidzamva za ife kuchokera kwa alendo okha.