Anapha nsombayi ndani?

Ku Connemara kulibe nyanja. Dzinali analitenga ku dera lina la kumadzulo kwa Ireland, kumene mafunde a Atlantic amaomba miyala usana ndi usiku, koma Connemara wathu ali pamtunda, m'mbali mwa msewu waukulu pakati pa Gweru ndi Kwekwe. Kuli tchire, milu ya dothi la m'migodi ya golide, maenje a amakorokoza, ndi ndende yotseguka imene anthu ambiri amadziwira dzinali. Madzi aakulu amene tingawaloze ndi damu la Sebakwe. Ife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzalowa m'migodi timalankhula chilankhulo chimene dzina lake lina ndi Chinyanja, chonsecho ambiri mwa ife nyanjayo timangoimva.

Nditapita kukaona agogo anga aamuna, ndinadzera m'sitolo ina ya mbedza ku Kwekwe, ndipo pakauntala ndinatola kabuku kotsatsa malo ena ogona alendo a kugombe la Mozambique, moyang'anana ndi zilumba za Bazaruto. Njira yake eni magalimoto aakulu a kuno amaidziwa pamtima: Mutare, chipata cha Machipanda, Chimoio, Inchope, kenako kulowera kummwera mpaka kuoloka mtsinje wa Save. Si njira yatsopano. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 azungu a ku Rhodesia ankakhamukira ku hotela ya pachilumba cha Santa Carolina, chimene ankachitcha Paradise Island, kukawedza marlin, chinsomba cha mlomo wonga mkondo. Kabuku kanga kankalonjeza zomwezo: masiku asanu, boti lako, zakudya ndi zakumwa, anthu okutsogolera panyanja, ndi chithunzi chokaonetsa kunyumba.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo inandisiyira chizolowezi choipa: chilichonse chimene ndawerenga ndimachiyesa m'Chichewa kuti ndione ngati chiima. Madzulo amenewo ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuwamasulira agogo kabukuka. Iwo anakulira ku Nkhotakota, anakoka khoka ali mnyamata asanabwere kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo pa anthu onse a m'komboni mwathu ndi okhawo amene angandigwire bodza pa nkhani ya madzi. Mawu atatu anakana kuoloka. Nkhani ino ndi ya mawu atatuwo, chifukwa ndaona kuti pamene Chichewa chakanira m'pamene kabukuka kabisa kanthu.

Oyamba ndi sport fishing. Ndinati "usodzi wamasewera". Agogo anafunsa kuti, "Akusewera ndi yani? Nsombayo yavomera?" Tinaseka, ndipo apa sindichedwapo. Munthu wokhuta ali ndi ufulu wosangalala, ndipo ngakhale ana a ku Sebakwe amaponya mbedza Loweruka posafuna ndiwo zokha.

Achiwiri ndi catch and release, ndipo awa ndi ozama. M'Chichewa msodzi amapha nsomba. Padoko amafunsana kuti "Mwapha zingati?" Kuwedza ndi ntchito ya dzanja, koma zotsatira zake ndi imfa, ndipo chilankhulo sichichita nazo manyazi. "Kupha n'kubweza" n'zosamveka. Ndinayesa "kugwira n'kutaya", agogo n'kugwedeza mutu: "Ndiye kuti ndiwo anasiya kale kunyumba." Anaona bwino, koma apa ndiyenera kuchita chilungamo ndi kabukuka. Marlin zikuluzikulu kwenikweni ndi zazikazi, zoikira mazira, ndipo kuibweza m'madzi itaikidwa chizindikiro n'kwanzeru kuposa kuipachika pasikelo monga ankachitira kale. Nafe mawu athu a "kupha" si oyera. Chambo cha m'nyanja ya Malawi chinachepa mpaka mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu yake m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo amene anachita zimenezi si alendo a makamera. Komanso nzeru yopumitsa nsomba si yachilendo kwa ife. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mbenji amene amadzimana ndi mudzi wonse, ndipo amadzimana chakudya. M'kabukuka amene amatamandidwa chifukwa cha chifundo ndi mlendo amene sanali ndi njala poyamba.

Mawu achitatu ndi guide, ndipo ndi amene anandikhazika pansi. Tili ndi "namulondola", munthu wokuonetsa njira. Koma nditafotokoza ntchito yake, agogo anati, "Ameneyo ndi siginala." Kunyanja siginala ndi amene amatsogola usiku pabwato ndi nyali, kuwerenga madzi, kudziwa pamene usipa wasonkhana, n'kuuza alovi nthawi yoponya chilimira. Iye ndiye mutu wa ulendo, ndipo gawo lake pogawana ndalama limaposa la anzake. Palibe amene angayerekeze kunena kuti mwini injini, amene wagona kumtunda, ndiye wapha usipa.

Taonani mmene marlin imagwiridwira. Woyendetsa boti ndiye amasankha kolowera poona mbalame, mtundu wa madzi ndi kumene mkokomo wa nyanja ukukankhira tinsomba. Anyamata a m'boti ndiwo amamanga nyambo, nthawi zina nsomba yamoyo imene aisoka pa mbedza mwaluso kuti izisambirabe, n'kuikoka kumbuyo kwa boti. Nsomba ikadya, mlendo amakhala pampando womangidwa pakati pa boti, namangidwa lamba wolumikiza thupi lake ku ndodo. Akamakoka, woyendetsa amabweza boti chafutambuyo kutsatira nsomba kuti chingwe chisathe, wina akutembenuza mpando, wina akumuthira madzi. Ikafika pafupi, mnyamata wovala magolovesi amagwira ndi manja chingwe chokhuthala chakumapeto n'kukoka chinyama cholemera kuposa ng'ombe, chamkondo kumaso. Pamenepo m'pamene munthu angathyoke dzanja kapena kukokeredwa m'madzi. Sindikupeputsa thukuta la mlendo. Maola awiri pampando umenewo amathyola msana. Koma pa ntchito zisanu ndi ziwiri iye wagwira imodzi.

Tsono bungwe la International Game Fish Association, limene linakhazikitsidwa mu 1939 ndipo limasunga mbiri ya nsomba zazikulu, lili ndi lamulo lakuti kuyambira pamene nsomba yadya nyambo, wina aliyense kupatula mwini ndodo asakhudze ndodoyo, chokulungira chake kapena chingwe chachikulu. Anyamata amaloledwa kugwira chakumapeto chija basi. Lamuloli limaoneka ngati la chilungamo pa mpikisano, koma kwa womasulira ndi lamulo la galamala. Limasankhiratu mwininkhani wa chiganizo. Limadula ntchito ya anthu anayi kapena asanu m'njira yakuti mneni akhale ndi "ndi-" kutsogolo: ndinagwira. Kabuku kanga kamamvera galamala imeneyi tsamba lililonse. Mlendo ndi "inu": mudzalimbana, mudzagonjetsa, mudzakumbukira moyo wanu wonse. Ogwira ntchito ndi gulu lopanda nkhope, "antchito athu ansangala". Mtundu wa injini watchulidwa, kukula kwake kwatchulidwa, ngakhale dzina la boti. Pa zithunzi khumi ndi chimodzi ndinawerenga mikono yakuda isanu ndi umodzi yolowa kuchokera m'mphepete, itagwira mlomo wa nsomba kuti mlendo amwetulire bwino. Dzina la mwini mkono ndi limodzi lomwe mulibe.

Agogo sanadabwe. Anati kumgodi kunalinso anthu odziwa mwala, amene ankagogoda denga ndi chitsulo n'kumva ndi khutu ngati ligwa, koma golide akatuluka ankalembedwa pa dzina la kampani ndi la manejala. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, linayesa kubweza anthu otere m'mbiri ya migodi ya dziko lino. Mutu wake sufuna womasulira kwa Mchewa, chibalo timachidziwa.

Zolemba zotsatsa zoterezi zili ndi kholo, ndipo sizibisa. Ku Watamu ku Kenya kuli hotela yotchuka pa usodzi umenewu yotchedwa Hemingways. Ernest Hemingway anali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe lija, anali ndi boti lake Pilar, ndipo anali ndi asiginala ake a ku Cuba, Carlos Gutiérrez kenako Gregorio Fuentes. Nkhani ya nkhalamba imene inakokedwa ndi marlin masiku angapo anayamba waikamba mwachidule m'magazini ya Esquire mu 1936, ndipo mu 1952 inatuluka ngati The Old Man and the Sea. Choncho usiku wachiwiri ndinasiya kabuku kaja n'kuyamba kuwafotokozera agogo buku limeneli, ndime ndi ndime.

Ndinene mosabisa: bukuli ndi labwino kuposa adzukulu ake. Munthu wa pampando uja anatsika n'kupereka nkhani kwa msodzi weniweni. Santiago watha masiku 84 osapha kanthu, ndipo zimenezi si zokhumudwitsa za patchuthi ayi, ndi njala. Mnyamata Manolin ndiye amamupemphera chakudya. Makolo a mnyamatayo anamuchotsa m'bwato la nkhalambayi atatha masiku 40, chifukwa tsoka silidyetsa banja. Santiago akapha nsomba yake amawerengera kulemera kwake ndi mtengo wake pamsika. Amaikonda, amaiyesa m'bale, n'kuipha, ndipo buku silithawa mawu amenewo. Likanalembedwa m'Chichewa, mneni "kupha" akanakhala pamalo pake popanda kukakamiza. Ndipo kumapeto Hemingway anaika alendo awiri okaona malo atakhala pamalo odyera, akuyang'ana mafupa a nsombayo m'madzi, osamvetsa zimene woperekera zakudya akuwauza, n'kumaganiza kuti ndi mafupa a shaki. Amenewo ndiwo makasitomala a kabuku kanga. Wolemba anawaona bwinobwino, nawaseka, koma lero dzina lake ndi limene limawaitana.

Komabe bukuli silingatuluke m'bwalo lopanda mlandu, ndipo amene anandionetsa ndi agogo. Nditafika pamene mashaki ayamba kudya nsomba yomangidwa m'mbali mwa bwato, anandiimitsa. "Iwe, mpeni anali nawo?" Ndinati anali nawo, agogo. "Nanga bwanji sanadule minofu n'kulonga m'bwato momwe ikanakwanira? Akanafika ndi kanthu." Kenako anafunsa chimene chinawavuta kuyambira pachiyambi: munthu wamkulu, wodziwa madzi, apitiranji kutali chonchija yekha? Ndinayankha kuti mnyamata uja anamuletsa ndi makolo, ndipo Santiago mwiniyo amamulakalaka kangapo konse. Sanakhutire. Kwa iwo imeneyo inali nkhani ya mudzi umene unalephera, osati ya ngwazi.

Ndaganizira mawu amenewa ndipo ndikuwavomereza. Hemingway anapatsa Santiago umphawi wa msodzi, koma anamupatsanso mtima wa munthu wa pampando. Nsomba iyenera kufika yathunthu kuti ikayezedwe, mapazi 18, anthu aone. Munthu mmodzi, nsomba imodzi, wina asakhudze chingwe: limeneli ndi lamulo la bungwe lija litavala malaya azigamba. Ngakhale Africa m'bukuli ndi gombe la m'maloto lokhala ndi mikango yosewera. Chimene otsatsa malonda anatengako si njala ya Santiago kapena mabala a m'manja mwake, koma kukhala yekha kwakeko, chifukwa ndiko kumagulitsika. Ndi chinthu chokoma kugula: umalipira anthu asanu kuti akuthandize kumva ngati unali wekha.

Filimu ya bukuli ya mu 1958, imene Spencer Tracy anasewera ngati Santiago, inamaliza ntchitoyo mosadziwa. Zithunzi zina za marlin ikudumpha zinachokera pa tsiku la 4 Ogasiti 1953 ku Cabo Blanco m'dziko la Peru, pamene Alfred Glassell, mpondamatiki wa mafuta ndi gasi wa ku Texas, anagwira marlin yakuda ya makilogalamu 707, imene mpaka lero ili pamwamba m'mabuku a bungwe lija. Nsomba ya mmphawi wa pakanema inali ya munthu wolemera, yogwidwa pa boti la injini ndi anthu omuthandiza.

Sindikunena kuti malo ogona alendowa atsekedwe. Ku Inhassoro ndi ku Vilankulo ntchito ya m'boti la alendo imadyetsa mabanja, ndipo marlin yobwezedwa m'madzi ingabweretse ndalama kawiri. Mlandu wanga ndi wa kalembedwe. Wolemba kabukuka anali ndi nkhani yabwino m'manja mwake, ya munthu amene anakulira pa ngalawa ya thanga, amene amadziwa mwezi umene marlin imafika ndi mphepo imene imaithawitsa, ndipo anaitaya n'kusankha chiganizo chimene chalembedwa kale kambirimbiri. Mlendo ndi mame. Amene amatsala ndi nyanja ndi mwini mkono uja. Kulemba dzina lake pansi pa chithunzi sikukanadya ngakhale mzere umodzi.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapeza agogo atatenga kabuku kaja, akukayang'anitsitsa pafupi ndi maso chifukwa cha ng'ala. Anali pa chithunzi chachikulu chapakati. Mlendo sanamuyang'ane n'komwe. Chala chawo chinali pa dzanja la m'mphepete, pamene chingwe chinazungulira golovesi.

"Waona mmene wakulungira? Sanamange. Ikathawa angotambasula dzanja, chingwe chichoka chokha. Ameneyu anaphunzitsidwa ndi munthu."

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye pansi pa chithunzichi ndilembe chiyani, agogo?"

Anakhala chete pang'ono, nandibwezera kabukuko. "Lemba kuti anapha ndi awa. Enawo anakwera nawo."