Luso Loponya Ndagi za Mwayi

Mwana wa ku Nsipe, monga anzake a m'midzi ina ya ku Ntcheu, amaphunzira msanga kuti akamva "Ndagi!" ayankhe "Gize!" n'kutchera khutu. Amaphunziranso kuti ndagi yabwino sinama: ikanena za nyumba yopanda khomo, dzira lilibedi khomo. Pali mtundu wina wa ndagi umene tinausiya m'mabuku a masamu, chonsecho malo ake enieni ndi pabwalo madzulo. Ndagi zake zimafunsa kuti mwayi wa chinthu umasintha motani munthu akauzidwa kanthu kena katsopano. Kukoma kwake kapena kuipa kwake kumachokera pakamwa pa woponya.

Yotchuka kwambiri tiiponye chonchi. Mayi avundikira mbale zitatu pamphasa, ndipo pansi pa imodzi pali ndalama. Mwana aloza mbale imodzi. Mayiwo, amene akudziwa pamene pali ndalama, avundukula imodzi mwa ziwiri zotsalazo, yopanda kanthu, n'kufunsa kuti, "Ukakamira yomweyo, kapena usintha?" Pafupifupi aliyense amayankha kuti zatsala mbale ziwiri, ndiye palibe kusiyana. Koma wokakamira amapeza ndalama kamodzi pa katatu, pamene wosintha amaipeza kawiri pa katatu.

Chifukwa chake chili m'dzanja la mayiwo. Mwana analoza mwachimbulimbuli, choncho kawiri pa katatu analoza mbale yopanda kanthu. Zikatero mayi amakhala omangika: sangavundukule mbale ya mwana, sangavundukule ya ndalama, yatsala imodzi yokha yoti aikhudze. Mbale imene ailambalala ndiyo ili ndi ndalama. Amene wamvetsa ndagiyi ndi amene wasiya kuwerenga mbale n'kuyamba kufunsa kuti, "N'chifukwa chiyani amayi sanakhudze iyo?"

Ndagiyi anailemba Steve Selvin mu 1975 m'magazini ya The American Statistician, potengera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Let's Make a Deal, imene ankayendetsa Monty Hall. Mu 1990 Marilyn vos Savant anaiyankha m'magazini ya Parade, ili ndi zitseko zitatu, galimoto imodzi ndi mbuzi ziwiri. Atanena kuti kusintha n'kwabwino, analandira makalata pafupifupi 10,000, ambiri omutsutsa, ndipo pafupifupi 1,000 anali a anthu a digiri ya PhD. Ngakhale Paul Erdős, katswiri wa masamu wa ku Hungary, anakana kukhulupirira mpaka atamuonetsa masewerawo akubwerezedwa pa kompyuta. Ndagi imene imagwetsa akatswiri chotere, koma mwana n'kutha kuimva yonse, ndi ntchito ya mmisiri.

Umisiriwo uli m'mawu ochepa aja akuti "amene akudziwa". Achotseni muone. Ngati mbale yavundukuka chifukwa nkhuku yaigunda, n'kupezeka kuti ilibe kanthu, kusintha ndi kukakamira kumafanana, theka ndi theka. Ngati mayi amapereka mpata wosintha pokhapokha mwana akaloza molondola, wosintha amaluza nthawi zonse. Mbale ndi zomwezo, ndalama ndi yomweyo, koma mayankho ndi atatu osiyana. Funso la mu Parade silinanene poyera kuti woyendetsa masewera amatsegula chitseko nthawi zonse, ndipo pamenepo ena mwa otsutsa anali ndi poponda. Woponya waluso amatchula khalidwe la mayiwo lonse, koma amalitchula mosakweza mawu, kuti omvera alimve osalilabadira. Akalibisa waba, akalifuula wapha ndagi.

Ndi muyeso umenewu, ndagi ya ana awiri imene Martin Gardner anafalitsa mu 1959 mu Scientific American ndi yosapsa bwino. Imati bambo wina ali ndi ana awiri, ndipo mwa anawo alipo wamwamuna. Mwayi woti onse ndi aamuna ndi wotani? Mabanja a ana awiri ali mitundu inayi: aamuna onse, aakazi onse, mwamuna wotsatana ndi mkazi, mkazi wotsatana ndi mwamuna. Mukachotsa la aakazi okhaokha atsala atatu, ndipo yankho ndi kamodzi pa katatu. Koma ngati munangokumana ndi bamboyo pamsika wa Kampepuza ali ndi mwana mmodzi, n'kuona kuti ndi mnyamata, wotsala kunyumba angakhale mwamuna kapena mkazi mofanana. Ndagiyi sinena kuti nkhani ya mnyamatayo inatifika bwanji, ndipo Gardner mwiniwake anadzavomera kuti funsolo lingamveke pawiri. Mkangano umene imabala ndi wa mawu osakwana, ndipo sutha ngakhale anthu atachezera usiku wonse.

Yopangidwa bwino kuposa zonse, m'kuona kwanga, ndi ya Joseph Bertrand ya mu 1889. Iye anagwiritsa mabokosi a ndalama zagolide ndi zasiliva; ife titenge nyemba. Timatumba titatu: koyamba muli nyemba ziwiri zofiira, kachiwiri ziwiri zoyera, kachitatu yofiira ndi yoyera. Mwatola kathumba kamodzi osasankha, mwapisa dzanja osayang'ana, yatuluka yofiira. Yotsalamo ndi yotani? Mtima umathamangira kunena kuti theka ndi theka, poti timatumba tokhala ndi yofiira ndi tiwiri. Koma nyemba zofiira zimene zikanagwera m'dzanja lanu zilipo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zili ndi inzake yofiira. Yankho ndi kawiri pa katatu. Muno mulibe mayi woti timukayikire, mulibe mawu obisika. Zonse zili pamphasa, ndipo wolephera sangaloze wina chala.

Apa m'pamene ndagi za mwayi zimasiyana ndi juga ya wachiona ndani, imene imalanda anthu ndalama m'misika. Maonekedwe ake amafanana, zinthu zitatu ndi kuloza kumodzi, koma wa juga amadalira liwiro la zala kuti zimene mwaona zikhale bodza. Woponya ndagi amakupatsani zoona zokhazokha, n'kukusiyani mupunthwe pa kufulumira kwanu. Wopunthwayo amapita kwawo ndi chizolowezi chofunsa kuti uthenga wafika bwanji ndipo waubweretsa ankadziwa chiyani. Lamulo la masamu la kaganizidwe kameneka limatchedwa ndi dzina la Thomas Bayes, amene ntchito yake inasindikizidwa mu 1763 iye atamwalira kale, ndipo madokotala amalidalira pomasulira zotsatira za kuyeza magazi.

Chotsala ndi kamasulidwe. Pa ndagi zathu, omvera akalephera amapereka ng'ombe yapakamwa, woponya n'kuulula yankho, nkhani yatha. Ndagi ya mwayi simasulidwa choncho, chifukwa munthu wouzidwa kuti "kawiri pa katatu" amangogwedeza mutu mtima usanavomere. Woponya wanzeru amatenga zitsekerero za mabotolo zitatu ndi njere ya chimanga, n'kugawa ana m'magulu awiri, okakamira ndi osintha. Asewere kambirimbiri, azilemba mizere pansi. Mizere ya osintha ikayamba kutalika, afunse kuti, "Zikutheka bwanji?" ndipo adikire mpaka mwana wina atchule yekha za dzanja lomangika lija.

Aphunzitsi a ku Nsipe ndi onse okonda kucheza ndi ana ayambe kupeka ndagi zotere m'Chichewa, za nyemba, mbuzi ndi mvula ya kwathu kuno. Asanaiponye, aliyense ayese chiganizo chilichonse pochichotsa: yankho likasintha, chiganizocho n'chofunika ndipo chinenedwe momveka; likapanda kusintha, n'chokometsera chabe.