Wotchi Yoonekera M'kati

Cha m'ma 1800, amisiri a ku France ankapanga mawotchi opanda chophimba. Magiya amkuwa, sipuling'i ndi kachitsulo kolendewera koyenda uku ndi uku, zonse zinkaonekera m'kati mwa galasi lotchinga fumbi. Ngakhale felemu ankaisema mokongola, chifukwa mmisiri akalakwitsa aliyense ankaona.

Ndimakumbukira mawotchi amenewa ndikaima pa kathebulo ka bambo okonza mawotchi kwa Chinsapo. Kagalasi kali padiso, akutola kagiya kochepa ngati njere ya mapira, dzanja osanjenjemera. Ambiri timangodzasinthitsa batire, ena wotchi tinaisiya chifukwa cha foni. Koma bambowa akatsegula wotchi yowayinda imene inafa kalekale, n'kuyambanso kugunda, ine ndimasowa chonena. Achinyamata a kwa Chinsapo, khalani nawo pafupi muphunzire lusoli.