Buku Limene Linaika Mwini Wake M'manda Akali Moyo

Makolo athu amene ankaonera kanema wa makauboyi m'maholo ndi pa mabwalo a sukulu amakumbukira bwino nthawi imene anthu ankaimirira ndi kuomba m'manja. Inali nthawi ija lipenga likalira, asilikali a pa akavalo natulukira kuseri kwa phiri kudzapulumutsa azungu a m'ngolo kwa anthu ovala nthenga kumutu. Ifenso tinapezako makombo a kanema ameneyu pa vidiyo, ndipo tinaomba nawo m'manja, osafunsa kuti anthu a nthengawo ankamenyera chiyani, nanga ngolozo zinkadutsa m'dziko la yani. Mwezi uno tikufuna kukambirana nanu, awerengi athu, za buku limodzi limene limayankha mafunso amenewa kuchokera ku mbali ya eni dziko. Dzina lake ndi Black Elk Speaks. Analilemba ndi John Neihardt, mlakatuli wa ku Nebraska, ndipo linatuluka mu 1932. Tinene msanga maganizo athu: bukuli ndi labwino ndipo liyenera kuwerengedwa, koma lili ndi chilema chachikulu chimene munthu ayenera kuchidziwa asanalitsekule.

Black Elk anali Mlakota wa fuko la Oglala, wobadwa cha m'ma 1863. Alakota anali anthu a akavalo ndi mahema a zikopa, okhala m'zigwa zazikulu za udzu kumene lero kuli madera a Dakota, Nebraska, Wyoming ndi Montana. Moyo wawo wonse unatsamira pa njati za kumeneko, zimene zinkawapatsa ndiwo, chofunda, hema ndi chingwe.

Kuti timvetse bukuli tiyenera kubwerera pang'ono m'mbuyo, kumene ilo silifikako. Nkhondo ya Alakota ndi asilikali a boma la America inayambira pa ng'ombe imodzi. Mu Ogasiti 1854 ng'ombe ya mlendo wina wa paulendo inasochera ndi kulowa mu msasa wa Alakota pafupi ndi Fort Laramie, ndipo munthu wina anaipha. Mfumu Conquering Bear inapereka kavalo ngati chindapusa. Nyakwawa iliyonse ya kwathu kuno ikudziwa kuti mlandu wotere umathera pamenepo. Koma msilikali wachinyamata, John Grattan, anabwera ndi anzake pafupifupi 30 ndi mizinga iwiri kudzamanga wopha ng'ombeyo. Mfuti zinalira, mfumu inalasidwa ndipo inamwalira pambuyo pake, asilikali onse aja anatha. Chaka chotsatira mkulu wa asilikali William Harney anabwezera pa mtsinje wa Blue Water, napha anthu oposa 80, amai ndi ana ali momwemo. Dzina la Harney mulisunge, tidzalipezanso.

Neihardt akuyambira pa nkhondo ya mu Disembala 1866, pamene Alakota ndi anzawo anapha Fetterman ndi anthu ake onse 81, ndipo bambo ake a Black Elk anathyoka mwendo. Nkhondo imeneyo, yotsogoleredwa ndi Red Cloud, boma linaigonja. Mu 1868 linasaina pangano la ku Fort Laramie, lovomereza kuti mapiri a Black Hills, amene Alakota amawayesa opatulika, ndi awo, ndipo kuti palibe gawo la dzikolo lidzachotsedwe popanda chilolezo cha amuna atatu mwa anai alionse. Wansembe wa Chiyezuiti, Bambo Pierre-Jean De Smet, anayenda mpaka ku msasa wa Sitting Bull chaka chomwecho kukapempha kuti anthu amvere uthenga wa mtendere. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi George Custer analowa m'mapiri aja ndi asilikali, anthu ake napeza golide, ndipo pangano linasanduka pepala wamba.

Apa ndi pamene bukuli likuonetsa mphamvu zake. Nkhondo ya pa mtsinje wa Little Bighorn, pa 25 Juni 1876, pamene Custer anafa pamodzi ndi asilikali oposa 260, tikuiona ndi maso a mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri kapena zitatu. Neihardt anachita mwanzeru kulola madoda ena, monga Standing Bear ndi Iron Hawk, kuti nawonso afotokoze zimene anaona, monga momwe nkhani imayendera pa bwalo, wina kuonjezera pa mau a mnzake. Palibe lipenga lopulumutsa. Pali fumbi, akavalo ochita mantha, amai othawa ndi ana kumsana, ndi anthu odzidzimutsidwa masana ali m'mahema mwawo. Ndipo bukuli silikometsa Alakota. Likutiuza kuti mnyamata uja anasenda chikopa cha pamutu pa msilikali wovulala, napita nacho kwa amai ake, iwo naimba nthungululu. Tinaima kaye pa tsamba limeneli. Wolemba wofuna kungotimvetsa chisoni akanalichotsa, ndipo tikumuyamikira Neihardt kuti sanatero, chifukwa mlandu wa Alakota sudalira pa kunena kuti iwo anali angelo. Udalira pa pangano limene linaswedwa.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Nyumba ya malamulo ya America inalamula kuti chakudya chisaperekedwe kufikira Alakota atasiya mapiri, ndipo mu 1877 inawatenga ngakhale kuti amene anasaina anali ngati mmodzi mwa amuna khumi alionse. Crazy Horse, mbale wake wa Black Elk, anabayidwa ndi mpeni wa kumfuti ku Fort Robinson mu Seputembala chaka chomwecho. Njati zimene zinali mamiliyoni ambirimbiri zinaphedwa chifukwa cha zikopa mpaka zinatsala mazana ochepa chabe. Anthu amene ankadzidyetsa okha anayamba kuima pa mzere kudikira ufa ndi nyama ya boma.

M'njala imeneyo munabuka gule wa mizimu. Mneneri Wovoka, wa mtundu wa Paiute, ankaphunzitsa kuti anthu akavina ndi kukhala mwamtendere, akufa adzabwerera ndi njati zomwe. Akuluakulu a boma anachita mantha naitana asilikali. Pa 15 Disembala 1890 Sitting Bull anaphedwa ndi apolisi a mtundu wake omwe amene anatumidwa kukamumanga. Mfumu Big Foot, ikudwala chibayo, inanyamuka ndi anthu ngati 350 kulowera ku Pine Ridge kukafuna chitetezo. Anakumana ndi gulu lomwe lija la asilikali limene Custer ankatsogolera, ndipo anawagoneka pa kamtsinje ka Wounded Knee, mizinga inai itawaloza kuchokera pa chitunda. M'mawa wa pa 29 Disembala, asilikali akulanda zida, mfuti imodzi inalira pa kulimbana, ndipo kuombera kunayamba. Anafa Alakota pakati pa 250 ndi 300, ambiri mwa iwo amai ndi ana, ena mitembo yawo inapezeka makilomita atatu kuchokera pa msasa, kusonyeza kuti anachita kuwathamangitsa. Asilikali anafa 25, ndipo ambiri akuganiziridwa kuti anaombedwa ndi anzawo omwe. Ovulala anawagoneka m'tchalitchi cha Episcopal ku Pine Ridge, zokongoletsa za Khrisimasi zikali pa makoma. Chisanu chitaleka, mitembo 146 inaponyedwa m'dzenje limodzi. Black Elk anafika pa malopo pa kavalo kuombera kukali mkati, ndipo tsiku lotsatira chipolopolo chinamung'amba pamimba pa nkhondo ina pafupi ndi mishoni ya Holy Rosary.

Nkhani ya bukuli ikuthera pomwepa. Masamba omaliza akutionetsa nkhalamba yosweka mtima, yoyang'ana m'mbuyo ndi kuona kuti mtundu wake unafera m'matope a Wounded Knee. Ndi masamba okhudza mtima kwambiri, ndipo ndi amene anthu amawakumbukira koposa. Koma si mau a Black Elk. Pokambirana mu 1931, nkhalambayo inkayankhula Chilakota, mwana wake Ben ankamasulira, mwana wamkazi wa Neihardt, Enid, nkumalemba. Mu 1984 katswiri Raymond DeMallie anasindikiza zolemba zimenezo m'buku lotchedwa The Sixth Grandfather, ndipo aliyense anatha kuona kuti mathero aja mulibemo. Neihardt mwini anali atavomera kale kuti chiyambi ndi mathero anazilemba yekha, poganiza kuti ndi zimene mkuluyo akananena.

Kuonjezera mau ndi chinthu chimene alembi ambiri amachita, ndipo tikanatha kumukhululukira. Chovuta ndi chimene anachotsa. Pa tsiku la Wounded Knee Black Elk anali ndi zaka ngati 27, ndipo anakhalanso ndi moyo zaka zina pafupifupi 60. Pa 6 Disembala 1904 anabatizidwa, nalandira dzina la Nicholas, woyera wa tsikulo. Posakhalitsa anakhala katekisiti. Inu a m'mudzi mukuidziwa ntchito imeneyi kuposa ife ansembe: kutsogolera mapemphero Lamulungu pamene wansembe sanabwere, kuphunzitsa a kalasi, kuyendera odwala, kuika maliro, kuyanjanitsa mabanja. Ankayenda pa kavalo ndi pa ngolo mpaka kwa mitundu ina, atanyamula chithunzi cha njira ziwiri chimene ankaphunzitsira, ndipo ankalemba makalata m'nyuzipepala ya Chikatolika ya m'Chilakota. Akuti anthu ngati 400 anafika ku ubatizo kudzera mwa iye. Pamene Neihardt ankafika pakhomo pake, munthuyu anali atagwira ntchito imeneyi zaka zoposa makumi awiri. M'buku lonse mulibe tsamba ngakhale limodzi lonena zimenezi.

Wina angati tikudandaula chifukwa ndife Akatolika ndipo tikufuna dzina la Eklezia limveke. Tisafulumire kukana, pakuti chiyeso chimenecho chilipo, ndipo mbali yathu ya nkhaniyi si yoyera monga tikanafunira. Mwana wake wamkazi, Lucy, anafotokozera Bambo Michael Steltenkamp mmene kutembenuka kuja kunayambira. Black Elk anali sing'anga, ndipo tsiku lina akuchiza mnyamata wodwala m'hema, Bambo Joseph Lindebner analowa, natenga ng'oma ndi chisekese chake nkuziponya kunja, namutulutsa iye yemwe. Nkhani yotere si yachilendo kwa ife amene tinamva kwa agogo za mikangano ya amishoni ndi gule wamkulu. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 1883 malamulo a boma ankalanga magule ndi using'anga wa eni dziko, kotero kuti chitseko cha tchalitchi chinali chotsekuka pamene zitseko zina zinali zitatsekedwa ndi mphamvu. Mishoni ya Holy Rosary inamangidwa mu 1888 chifukwa Red Cloud mwini anapempha Ayezuiti, zimenezo nzoona. Nzoonanso kuti m'sukulu zogonera komweko za nthawi imeneyo, za boma ndi za mipingo, kuphatikizapo zathu, ana ankametedwa tsitsi ndi kulangidwa akayankhula chinenero cha amai awo. Mu 2024 maepiskopi a ku America anavomera poyera mbali ya Eklezia pa mabala amenewa napepesa. Ngakhale kalata ya mu 1934, imene Black Elk anadandaulamo kuti bukuli silinanene za chikhristu chake, akatswiri ena amaikayikira, poganiza kuti ansembe a pa mishoni anaikamo dzanja. Ndipo nkhalamba yomweyo, cha m'ma 1947, inafotokozera Joseph Epes Brown miyambo isanu ndi iwiri ya kaliwo wopatulika kuti isatayike. Kwathu timati mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu uyu akuoneka kuti sankaziona ngati mapanga awiri. Amishoni ena ankafuna kuti tione korona yekha m'dzanja lake. Neihardt ankafuna kuti tione kaliwo yekha. Onsewo anamudula pakati.

Komabe kudula kwa Neihardt kuli ndi choopsa chake chapadera, ndipo ndi chifukwa chake talemba zonsezi. Buku lonena kuti mtundu unafa mu 1890 limapatsa wowerenga misozi yotsika mtengo. Akufa amawalira, koma sawabwezera munda. Alakota sanafe, ndipo mlandu suwola. Mu 1980 bwalo lalikulu la milandu ku America linagamula kuti Black Hills anatengedwa mosatsata chilungamo, ndipo linalamula chipukutamisozi choposa madola 100 miliyoni. Alakota, amene madera awo ali m'gulu la osauka kwambiri m'dziko lonselo, anakana kulandira, ponena kuti mapiriwo sanali ogulitsa. Ndalamazo zakhala zikubereka chiwongoladzanja mpaka kupitirira biliyoni imodzi. Asilikali pafupifupi 20 a pa Wounded Knee anapatsidwa mendulo yapamwamba koposa ya dzikolo, ngakhale kuti mkulu wawo Nelson Miles anadzudzula zimene zinachitika. Nyumba ya malamulo inanena za chisoni chake mu 1990, koma mu 2025 nduna yoona za asilikali inalengeza kuti mamendulo aja sadzalandidwa. Wowerenga amene watseka buku la Neihardt akupukuta m'maso sangaganize kuti pali zidzukulu zimene zikali kulemba makalata ndi kupita ku mabwalo pa nkhani zimenezi.

Amene ali ndi mwai wolipeza bukuli aliwerenge, makamaka aphunzitsi ndi achinyamata a ku sekondale, koma aliwerenge pamodzi ndi la Steltenkamp la mu 1993, Black Elk: Holy Man of the Oglala, podziwa kuti nalonso linalembedwa ndi munthu wa mbali imodzi, Myezuiti. Nicholas Black Elk anamwalira mu Ogasiti 1950 ndipo anaikidwa ku manda a tchalitchi cha St. Agnes ku Manderson. Mu 2016 phiri lalitali koposa la ku Black Hills, limene linkatchedwa ndi dzina la Harney uja wa ku Blue Water, linasinthidwa kukhala Black Elk Peak. Mu 2017 dayosizi ya Rapid City inatsekula kafukufuku woona ngati iye angawerengedwe m'gulu la oyera, ndipo mapepala ake anatumizidwa ku Roma mu 2019. Amene akuwawerenga kumeneko adzakumana ndi katekisiti wa ngolo ndi chithunzi cha njira ziwiri, koma adzakumananso ndi mnyamata wa pa Little Bighorn, ndi munthu amene anapita ku ubatizo ali ndi chipsera cha chipolopolo chimene anachilandira pafupi ndi mishoni yomweyo.