Mawu oyamba a nkhani za ku Rufunsa

Anthu ambiri amalidziwira boma la Rufunsa pa windo la basi. Msewu wa Great East Road umadutsa m'bomali kuchokera cha ku Chongwe kulowera ku mlatho wa Luangwa, ndipo chilipatulireni Pulezidenti Michael Sata ku Chongwe mu 2012, nkhani zake zochuluka zimafika kwa anthu kudzera pa foni. Apa mpamene luso la mawu oyamba limayesedwa. Facebook imaonetsa mizere ingapo yokha, yotsalayo n'kuibisa mpaka munthu adine, ndipo amene wagula bandulo ya tsiku limodzi, kumalo kumene netiweki imabwera n'kuthawanso, sadina mwachisawawa. Kwa owerenga otere chiganizo choyamba ndicho nkhani yonse. N'chifukwa chake ndikuti chiganizo chimenechi chizinena chimene chachitika ndi pamene chachitikira, zina zonse zizidikira pambuyo.

Chizolowezi chimene chimaphwanya lamuloli kawirikawiri ndi choyamba ndi mpando. Nkhani za m'maboma, makamaka zochokera ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani ya ZANIS zimene masamba ena amazitenga n'kuzifalitsanso, zimakonda kutsegula ndi udindo wa munthu, dzina lake, kenako mneni wa pakamwa: wapempha, walimbikitsa, wachenjeza, wayamikira. Taonani nkhani ya ndalama za chitukuko za CDF. Mu bajeti ya 2022 boma la Zambia linakweza ndalamazi kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ku dera la phungu aliyense. Kwa mayi wa kwa Shikabeta kapena mnyamata wa kwa Bunda Bunda funso n'lachidule: ndi sukulu iti imene ikumangidwa, mjigo ukukumbidwa mudzi uti, mafomu a thandizo la fizi akutsekedwa liti? Koma wolemba akayamba kuti a DC apempha anthu kugwiritsa bwino ntchito ndalama za CDF, mizere imene foni imaonetsa yatha asananene chilichonse. Kupempha kotereku angakuchite DC wa boma lililonse chaka chilichonse. Mutachotsa dzina la Rufunsa n'kuikapo Petauke, palibe angazindikire. Nkhani yeniyeni imakhala itakwiririka m'ndime yachisanu, mmene muli aneni a manja: amanga, akumba, atseka, agwetsa. Ntchito ya wolemba ndi kuifukula n'kuibweretsa pakhomo.

Chizolowezi chachiwiri chikuoneka ngati chotsutsana ndi choyambacho, koma matenda ake ndi amodzi. Ndi chija choika nyambo: zoopsa zachitika ku Rufunsa, simukhulupirira zimene anthu aona. Aliyense woyenda msewu wa kum'mawa amadziwa mapiri a Manenekela, pamene msewu umakhotakhota ndipo ngozi zakhala zikuchitika kwa zaka zambiri. Ganizani za kholo la ku Chipata limene mwana wake wakwera basi pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka m'mawa umenewo. Mawu akuti "zoopsa" salipatsa kanthu koma mtima m'mwamba. Chimene likufuna ndi chiganizo chonena malo, nthawi, mtundu wa galimoto, kumene imalowera, ndiponso ngati ovulala atengeredwa ku chipatala cha St Luke's kwa Mpanshya kapena ku Lusaka. Likawerenga kuti inali lole ya makala, limapuma. Likawerenga kuti inali basi yopita ku Chipata, limadziwa koimbira foni. Kubisa zimenezi dala kuti munthu adine ndi kuchita malonda ndi mantha a anthu. Chobisa chololeka n'chimodzi chokha, mayina a omwalira, mpaka abale awo atauzidwa mwamwambo.

Ena amati kulunjika chonchi si kwathu. Amati munthu wolemekezeka sayamba nkhani asanapereke moni ndi malonje, ndipo kutchula akuluakulu poyamba ndi ulemu. Amatinso kalembedwe koika chachikulu patsogolo kanakhwimira m'nyuzipepala za ku America m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya telegalafu. Za mbiriyo n'zoona, koma za mwambozo akuzitenga theka. Malonje ndi a mlendo amene wapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, womvera atakhala pansi ndipo sakupita kulikonse. Mthenga wa maliro kapena wokuwa moto sachita malonje, amanena zimene zagwa ndi kumene zagwera, ndipo palibe amamutcha wamwano. Wowerenga pa foni ali m'njira. Komanso dzina la mfumu kapena la DC silichotsedwa m'nkhani, limangosunthira m'chiganizo chachiwiri, mmene limagwira ntchito yake yeniyeni yotsimikiza kuti mawuwo achokera kwa yani. Pamene mfumuyo ndi imene yachita chinthucho, monga kuletsa kudula mitengo m'dera lake, dzina lake liyambe ndithu.

Kutsutsa kwamphamvu ndi kwa ndalama. Eni masamba amati mawu oyamba akaulula zonse munthu sadinanso, ndipo popanda odina otsatsa malonda sabwera. Apa pali choonadi, sindikana. Koma akusokoneza kuulula ndi kumaliza. Chiganizo chabwino chimayankha funso limodzi n'kubala lina lalikulu. Tengani nkhani ya makala, amene matumba ake amandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole a ku Lusaka. Wolemba waulesi amayamba ndi kunena kuti kutha kwa nkhalango ndi vuto lalikulu m'dziko muno, mawu amene aliyense anawamva kale kusukulu. Wolemba amene anapitako amayamba ndi mtengo wa thumba limodzi pa Chinyunyu, n'kuuika pambali pa mtengo wa thumba lomwelo ku Lusaka. Sanabise kanthu, koma wowerenga akufuna kudziwa amene akudya ndalama ya pakatiyo, ndipo adina. Chimodzimodzi ndi nkhani ya golide amene anthu amakumba ndi manja m'bomali: zimene wokumba amalandira ndi amene amamugula zimakoka kuposa mawu aliwonse okometsera.

Vuto lake n'lakuti chiganizo chotere sichilembedwa ndi munthu amene wangolandira chikalata pa WhatsApp ali mu ofesi ku Lusaka. Kuti utchule Manenekela m'malo mongoti Rufunsa, kapena mtengo wa thumba m'malo mwa "vuto lalikulu", uyenera kuti wafunsa wapolisi, namwino kapena wogulitsa. Mawu oyamba ofooka nthawi zambiri amaulula kuti mtolankhaniyo sanatole kanthu, ndipo mkonzi akawaona asamataye nthawi kuwakongoletsa. Amubwezere mwini wake akaimbenso foni kwa Mpanshya.