Utsi Wobisika M'galimoto "Yoyera"

Timamva kaŵirikaŵiri kuti wogula ndiye mfumu ya msika: akakana katundu woononga chilengedwe, amalonda adzasintha okha. Mauwa ali ndi choonadi chake, komatu zimene idachita kampani ya Volkswagen ya ku Germany zikutiletsa kuwalandira mothamanga.

Ku America anthu ambiri ankafuna galimoto zosadetsa mpweya, ndipo kampaniyi idawamva. Idalengeza ponseponse kuti galimoto zake za dizilo nzoyera, mwakuti Jetta ya 2009 idalandira mphoto ya galimoto yosamala chilengedwe. Koma kupanga injini ya dizilo yamphamvu, yosamwa mafuta ambiri, yosakwera mtengo, yomwenso siitulutsa utsi woipa, ndi ntchito yaikulu. Akatswiri ake adadzera njira yachidule: adaika m'kompyuta ya galimoto pulogalamu yozindikira kuti tsopano ikuyesedwa. Pa nthaŵi ya mayeso galimoto inkadzisunga ngati mwana wasukulu pamaso pa mphunzitsi. Ikangofika pamsewu inkatulutsa mpweya wa nitrogen oxide, umene umaononga mapapo, mpaka kuŵirikiza ka 40 muyeso wololedwa.

Tisakane, chifuniro cha ogula chidagwiradi ntchito, pakuti palibe amene amavutika kunamizira chinthu chosafunidwa pamsika. Koma chidabala chiyani? Chidabala dzina lokoma. Wogula amaona penti, amamva mtengo, amaŵerenga cholembedwa. Zimene zikutuluka kumbuyo kwa galimoto sangathe kuziyeza. Ndipo ngati kunama kuli kotchipa kuposa kukonza, wamalonda wopanda chikumbumtima amagulitsa dzinalo.

Nchifukwa chake amene adaulula chinyengochi sadali ogula ai. Adali ofufuza a yunivesite ya West Virginia, amene adaika zipangizo zoyezera m'galimoto nayenda nazo m'misewu yeniyeni. Zopeza zao zidatuluka mu 2014. Mu Seputembala 2015 boma la America lidaiimba mlandu kampaniyo, ndipo idavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse zidali ndi pulogalamuyo. Mkulu wake, Martin Winterkorn, adatula pansi udindo, ndipo zilango ndi zolipira zina zidapitirira mayuro 30 biliyoni.

Amene akutimvetsa chisoni ndi ogula aja, pakuti ambiri adapereka ndalama zao poganiza kuti akuchitira chifundo anansi ao. Kampani itakakamizidwa kuwabwezera ndalama, galimoto zao zikwizikwi zidakandandalikidwa padzuŵa ku Victorville, m'chipululu cha California, kudikira kukonzedwa kapena kuphwanyidwa.